Mkodzo Wochepa, Mkodzo Wotsekeka

Munthu wamkulu sanena kuti akukakodza, amati akukataya madzi. Pakhomo ndi ulemu, koma pa Chipatala Chachikulu cha Mzuzu mawuwa amasocheretsa. Gadiyani akati "abambowa sakutaya madzi", dokotala amafuna kudziwa chimodzi: mkodzowo sukupangidwa, kapena ulipo koma watsekeredwa?

Mkodzo umapangidwa mu impso n'kutsikira m'chikhodzodzo. Wamkulu wathanzi amakodza pafupifupi lita ndi theka patsiku. Ukapanda kufika mamililita 400, madokotala amati oliguria. Ukatsala pang'ono kutheratu, anuria. Apa chikhodzodzo chimakhala chopanda kanthu, vuto lili ku impso. Mwina thupi latha madzi, monga zinkachitikira odwala kolera ku Nkhata Bay mu 2022, kapena mayi wataya magazi ambiri pobereka. Malungo aakulu nawonso amavulaza impso, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ngakhale diclofenac womwedwa mwachisawawa amavulaza impso.

Kutsekeka, komwe m'mafayilo amalemba kuti retention, n'kwina. Mdala akubuula, pansi pa mchombo patupa, pali gwa, akakankha amangotulutsa timadontho. Impso zake zikugwira ntchito, koma prostate yakula n'kufinya njira, kapena chinzonono cha paunyamata chinasiya chipsera. Namwino akalowetsa kapaipi kotchedwa catheter, thumba limadzaza nthawi yomweyo, mdala uja n'kuusa moyo. Achibale amene amam'kakamiza madzi ambiri kapena zitsamba zokodzetsa amachita mwachikondi, koma akungowonjezera katundu pakhomo lotseka.

Likodzo ndiye limasokoneza malire a ziwirizi. Mnyamata wosambira m'nyanja ku Chintheche amaona kadontho ka magazi pomaliza kukodza, osadandaula. Mazira a tizilombo ta likodzo amakhazikika m'chikhodzodzo, ndipo pakapita zaka zipsera zimatha kutseka timachubu tochokera ku impso. Mkodzo umabwerera m'mbuyo, impso n'kutupa mpaka kulephera. Chomwe chinayamba ngati kutsekeka chimathera pa kuchepa, pomwe praziquantel amene amagawidwa m'masukulu akanachiletsa.

N'chifukwa chake m'wodi amauza gadiyani kuti asathamangire kukataya mkodzo namwino asanauyeze. Ambiri amanyansidwa nazo, ena amaseka. Koma nambala imene yalembedwa patchati ndi yomwe imauza dokotala ngati wodwala awonjezeredwe diripi, aimitsidwe, kapena atumizidwe kukasefedwa magazi ndi makina a dialysis.