Sukulu zitatu za kum'mawa kwa Kasungu

Mukafunsa mwana wa kwa Kapelula kuti bizinesi n'chiyani, sachedwa kuyankha kuti ndi fodya. Amaidziwa ntchito yonse ngati nyimbo: kufesa nazale dzuwa likuswa mtengo, kuwokera mvula ikagwa, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha magiredi, kudinda mabelo pa jeke, kenako kudikira nkhani yochokera ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Koma mukamufunsa kuti fodya atatha mawa angachite chiyani ndi munda womwewo, amangoti kukamwa yasa. Sikuti ndi wopanda nzeru ayi. Funso limenelo palibe sukulu inamuphunzitsa kufunsa. Kum'mawa kwa Kasungu kuno kwakhala sukulu zitatu zoyandikana koma zosalankhulana, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro kwa aliyense amene akuwerenga za bizinesi lero.

Sukulu yoyamba inalibe belu kapena yunifolomu. Inali esiteti. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, lamulo la Special Crops Act linkaletsa mlimi wamba wa pa malo a mfumu kulima fodya wa bale ndi wa fuluu, yemwe anali ndi ndalama zenizeni. Fodya ameneyu anali wa eni maesiteti, monga a Press Farming ndi General Farming, komanso alimi ochepa osankhidwa pansi pa bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Mlimi wamba ankalima chikopa n'kugulitsa ku ADMARC pa mtengo woikidwa kale. Matenanti ankabwera ndi mabanja awo kuchokera kutali, ambiri kumaboma a kummwera, ndipo moyo wawo wonse unkakhala m'buku la kalaliki: chimanga chakuti, feteleza wakuti, mchere, sopo, zonse ngongole yodzadulidwa fodya akagulitsidwa.

Kalaliki uja ndiye anali katswiri wa bizinesi wa nthawi imeneyo. Ankadziwa kuwonkhetsa, kuchotsera ndi kusunga malisiti. Chimene sankaloledwa ndi kudabwa. Mbewu inasankhidwa kale, msika unasankhidwa kale, mtengo unkachokera kwa ogula a kunja. Boma litayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima bale mu 1990, anthu anakhamukira ku mbewuyo, zigafa zinamera paliponse ngati bowa. Lamulo linasintha, koma kaganizidwe ka kalaliki kanatsala: chita zomwe wauzidwa, werengera bwino, basi.

Sukulu yachiwiri ili ku Mtunthama. Mu 1981 Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy pafupi ndi mtengo wa kachere womwe amati iye anayambira kuphunzira. Ana anzeru osankhidwa m'maboma onse ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki pamodzi ndi masamu ndi sayansi, aphunzitsi akuchokera ku Britain. Kamuzu mwiniwake anali munthu wa maphunziro osakaniza: anayamba wawerenga mbiri ndi ndale ku University of Chicago asanakaphunzire udokotala ku Meharry. Ndiye ankadziwa ndithu kuti mutu wa munthu sukula ndi phunziro limodzi. Vuto linali mpanda. Mkati mwa mpanda mwana ankawerenga za Roma wakale, kunja kwake mwana wa tenanti akusoka fodya mpaka usiku. Sukuluyo yatulutsa madokotala, maloya ndi mainjiniya, izi n'zosatsutsika. Koma sinamangidwe kuti iyankhe mafunso a m'chigafa, ndipo chigafa nachonso sichinaitanidwe m'kalasi.

Sukulu yachitatu inali kachipinda ka mabuku pa pulayimale ya Wimbe. Njala ya 2001 mpaka 2002 itavuta, William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala anasiya sukulu ya sekondale ku Kachokolo chifukwa makolo ake, alimi a chimanga ndi fodya, analibe fizi ya madola pafupifupi 80 pachaka. Ali ndi zaka 14, anayamba kubwereka mabuku. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankatsatira zithunzi. Pachikuto cha buku lotchedwa Using Energy panali makina opukusidwa ndi mphepo. Iye anatola fani ya thirakitala, fulemu ya njinga, dayinamo ndi mapaipi a pulasitiki, n'kumanga nsanja ya mitengo ya bulugamu. Makinawo anayatsa mababu ndi mawailesi kwawo, m'mudzi momwe mawaya a magetsi anali asanafike.

Ambiri nkhaniyi timaidziwa chifukwa cha msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, buku la The Boy Who Harnessed the Wind la 2009, ndi filimu ya Chiwetel Ejiofor ya 2019. Koma pali kanthu kamene timakalumpha. Zitsulo zambiri William anazitola pa dzala la makina akutha a esiteti ya fodya. Kalaliki akanaziona akanati n'zopanda mtengo, zinachotsedwa kale m'buku. Wophunzira wa mkati mwa mpanda mwina sakanapondako n'komwe. Zinatengera munthu amene anali ndi fizikisi pang'ono, luso lokonza mawailesi, maso a mlimi wodziwa mphepo ya kwawo, ndi mdima woti athane nawo. Palibe chimodzi mwa zimenezi chikanayatsa babu pachokha. Magetsi anabadwa pomwe zinakumana.

Sukulu za bizinesi kunja nazonso zalimbana ndi funso lomweli. Mu 1959 mabungwe a Ford ndi Carnegie ku America anatulutsa malipoti awiri odzudzula sukuluzi kuti zikungophunzitsa ntchito za m'maofesi popanda kuzama. Sukulu zinayankha pochulukitsa masamu ndi ekonomikisi, ndipo patapita zaka dandaulo linatembenuka: omaliza maphunziro ankatha kusanthula bizinesi yomwe ilipo kale, koma osati kulota yomwe kulibe. Dziko la Finland linachita zachilendo mu 2010. Linaphatikiza sukulu ya zachuma, ya uinjiniya ndi ya zojambula ku Helsinki kukhala yunivesite imodzi ya Aalto, kuti wowerenga za malonda azikhala tebulo limodzi ndi wopanga makina komanso wojambula.

Kwathu kuno mwayi wotere ulipo kale, kungoti sitiuona. Polytechnic ya ku Blantyre, yomwe inayamba mu 1965 ndipo tsopano ndi MUBAS, imasunga ophunzira akaunti, uinjiniya, zomangamanga ndi utolankhani pamalo amodzi. Funso n'lakuti, kodi amakumana kuti kupatula pa mzere wa nsima? Ndipo ndi angati mwa ife a madigiri a bizinesi amene tinakhalapo tsiku lathunthu m'chigafa, kapena pa benchi ya wowotcherera zitsulo pa Kasungu boma, tikufunsa mafunso m'malo mopereka malangizo?

Izi si zocheza, anzanga. Fodya wakhala akubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja za dziko lino, koma dziko lapansi likumuthawa pang'onopang'ono, ndipo mu 2023 Malawi analowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta. Alimi ena a ku Kasungu atembenukira kale ku soya ndi mtedza. Koma kusintha mbewu kokha, kaganizidwe kali ka kalaliki, n'kungosintha dzina la bwana. Udzalima soya, wavenda adzabwera ndi sikelo yake, adzatchula mtengo, iwe udzavomera.

Kwa Kapelula kukufunika munthu woona chigafa chikukhala chopanda ntchito miyezi yambiri pachaka n'kufunsa kuti chingaumitsenso chiyani. Woona mtedza n'kuganiza za chiponde cha m'botolo, chizindikiro chake, ndi mawu okopa mayi wa ku Area 25 kuti agule. Funso loyamba ndi la sayansi ya chakudya, lachiwiri la wojambula, lachitatu la wolemba nthano. Akaunti imabwera pambuyo kudzaona ngati malotowo angadzilipire okha, ndipo pamenepo ndi yofunika kwabasi.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ife timautanthauzira kuti ndi anthu ambiri, koma ngakhale m'mutu mwa munthu mmodzi, phunziro limodzi silisenza denga. Ngati muli pa sukulu ya bizinesi, teremu ikubwerayi kaloweni kalasi imodzi yomwe si yanu. Werengani mbiri ya boma lomwe mumachokera. Pa holide, pitani kuseri kwa esiteti yakale ya kwanu mukaone zomwe zinatayidwa kumeneko, ndipo mutenge mnzanu wa uinjiniya.