Mphutsi ya mu jelejele ndi mbiri ya dzina lake

Sabata yatha mnyamata wina wa Fomu 2 anabwera m'kalasi ndi nthambi ya jelejele yochokera kudimba kwa bambo ake, m'mbali mwa Shire kuno kwa Lundu. Inali yobooka, utuchi uli mbwee pabowo. Titaing'amba tinapezamo mphutsi yonenepa ngati chala. Iye anati, "Aphunzitsi, kwathu timangoti kapuchi wa m'mitengo. Nanga pamayeso tilembe chiyani?" Ndiye ndati ndikambepo za mbiri ya maina amenewa.

Mphutsi zoterezi zimasanduka agulugufe ouluka usiku, a m'banja la Cossidae. Angelezi amawatcha akalipentala chifukwa cha kuboola mitengoko. Limodzi mwa magulu a m'banjali opezeka muno m'Malawi ndi Azygophleps.

Dzinali silinabwere tsiku limodzi ayi. Mu 1775 Fabricius wa ku Denmark, yemwe anaphunzira kwa Linnaeus, analongosola gulugufe wina n'kumutcha scalaris, koma anamuika m'gulu la Hepialus, lomwe lero tikudziwa kuti ndi la banja lina. Panapita zaka 117. Mu 1892, patangotha chaka dziko lino lili m'manja mwa Angelezi, George Hampson, amene analimapo tiyi ku India, anamupatsa gulu lakelake. Masiku amenewo akatswiri ankasiyanitsa agulugufe poyang'ana mitsempha ya m'mapiko, ndipo Azygophleps ndi Chigiriki chotanthauza mtsempha wopanda mnzake. Ku India komweko mphutsi ya scalaris imaboola mitengo ya Sesbania, abale ake a jelejele wathuyu.

Taonani kusiyana kwake. Hampson ankayang'ana gulugufe wakufa, wobayidwa ndi singano m'bokosi. Mlimi wa kwa Lundu amayang'ana mphutsi yamoyo ndi mtengo umene ikuononga, ndipo gulugufeyo mwina sanamulabadireko n'komwe. Kwa ine onse awiri akuika zinthu m'magulu, kungoti pamayeso amene amalandira malikisi ndi mmodzi. Izi zimandiwawa ndithu, ngakhale kuti Chigirikicho ndimachiphunzitsa ndine ndemwe.

Nthambi ija taimanganso ndi luzi, n'kuiika m'chidebe chovundikira ndi kachidutswa ka neti yakale. Tikudikira kuti gulugufe atuluke, tiwerenge tokha mitsemphayo. Mnyamata uja akuti bambo ake sakudikira nawo: mitengo yonse yobooka aidula kale, ati ikhale nkhuni.