Katundu Amachedwera Potsitsa ndi Pokweza

Anthu akamadandaula kuti katundu m'Malawi ndi wodula, chala amaloza kutalika kwa ulendo wa kunyanja yamchere. Koma mbiri ya mtengatenga m'dziko muno ikuonetsa kuti ndalama ndi masiku zakhala zikuthera pa malo amene katundu amatsitsidwa kuti akwezedwe pa china. Tiyeni titsate bokosi la nsalu lochoka ku Glasgow m'zaka za m'ma 1890, la kampani ya African Lakes, ija anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a John Moir. Sitima yaikulu inkaima kutali ndi gombe pa Chinde poopa mchenga, bokosi n'kutsitsidwira m'bwato. Kenako linkakwera sitima ya pamtsinje, kudzera Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Kutsogoloko mathithi a Kapichira, Tedzani ndi Nkula anatseka njira, ndiye bokosi lija linkakhala pa nkhata, pamutu pa munthu, kukwera chitunda mpaka ku Blantyre n'kutsetserekera ku Matope, komwe sitima ina inkadikira. Posinthira paliponse pankafunika kalaliki wowerenga ndi nyumba yosungira. Dzinja likafika, amtengatenga ali kuminda kwawo, mabokosi ankaunjikana padoko, chiswe ndi chinyezi zikuchita phwando.

Wina anena kuti njanji inathetsa zonsezi. Inangochepetsa. Njanji yochoka ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1915 inatambasuka mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 ya ku Beira inafika tsidya linalo, pa Murraça. Kwa zaka 13 njanji ziwirizi zinkangoyang'anana, fodya ndi tiyi zikutsitsidwa m'mabogi, kuwoloka pamadzi, n'kukwezedwanso, ndipo mtsinje ukasefukira kapena kuphwera zonse zinkaima. Mlatho wa Dona Ana, wa makilomita opitirira atatu ndi theka, utatsegulidwa mu 1935, Beira sanasendere pafupi ngakhale phazi limodzi. Chimene chinachoka ndi kutula kumodzi kokha, koma sitima inayamba kuyenda ulendo wonse katundu wosakhudzidwa.

Funso lolemera ndi ili: ngati vuto ndi kusinthana manja, bwanji Mandala, amene anali ndi sitima zake, masitolo ake ndi amtengatenga ake, sanatsitse mitengo? Yankho n'lakuti opikisana naye anali ochepa, ndipo azungu a minda ankalira naye. Kuika njira yonse m'dzanja limodzi kumathandiza mwini dzanjalo. Wogula amapindula pokhapokha magawo a ulendo akulumikizana pa nthawi yake. Tivomerezenso kuti mtunda si wachabe. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala, imene inatsegulidwa mu 1970, katundu anayamba kuzungulira ku Durban pa malole, mitengo n'kukwera koopsa. Komabe ngakhale panjira imeneyi, dalaivala adzakuuzani kuti masiku amathera pa chipata cha Mwanza, Nyamapanda kapena Beitbridge, injini itazimitsidwa, akuphika nsima pansi pa lole podikira chidindo.

Inu akuluakulu oyitanitsa katundu, musanafunse za makilomita, yambani mwawerenga malo amene katundu wanuyo adzaime, ndipo mudziwe dzina la amene adzakhale akumudikira pamenepo ndi mapepala m'manja.