Lewis H. Gann ndi Nkhani ya Mitundu mu Northern Rhodesia: Kuunika Kochokera ku Rufunsa

Mawu Otsogolera

Cholinga cha nkhani ino ndi kulondola moyo ndi ntchito za Lewis Henry Gann, katswiri wa mbiri yakale ndi za ndale, amene maganizo ake pa za azungu ndi anthu akuda anautsa mapiri pachigwa pakati pa ophunzira. Mfundo yathu ndi yakuti maganizowo anamera kuchokera mu nkhokwe imene iye anatapamo umboni wake. Tiyesa mfundoyi poyang'ana dera la Rufunsa, dziko la mafumu Mpanshya, Bundabunda ndi Shikabeta, kum'mawa kwa Lusaka.

Moyo ndi Ntchito Zake

Gann anabadwira ku Mainz, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1924, m'banja la Chiyuda. Ali mnyamata anathawira ku Britain chifukwa cha nkhanza za chipani cha Nazi. Atatsiriza maphunziro ku Oxford anabwera ku Northern Rhodesia kudzachita kafukufuku pa Rhodes-Livingstone Institute. Anaphunzitsako ku Manchester, ndipo mu 1954 anayamba ntchito yosunga makalata akale a boma ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Mu 1963, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha, anasamukira ku Hoover Institution ku Stanford, mu America. Anamwalira mu 1997.

Mabuku ake awiri akukhudza dziko lino mwachindunji: The Birth of a Plural Society (1958), lonena za ulamuliro wa kampani ya British South Africa kuyambira 1894 kufikira 1914, ndi A History of Northern Rhodesia (1964), limene linatuluka chaka chomwe Zambia inalandira ufulu.

Gwero la Mkangano

Dzina la buku loyambalo likutsamira pa ganizo la J. S. Furnivall lakuti m'maiko a atsamunda mitundu imakhala moyandikana, nikumana pamsika, koma yosasakanikirana. Pamodzi ndi mnzake Peter Duignan, Gann anapitirira pamenepa. M'mabuku a White Settlers in Tropical Africa (1962) ndi Burden of Empire (1967), awiriwa anati poika zonse pa sikelo, zabwino za utsamunda, monga njanji, sukulu, zipatala ndi kutha kwa malonda a akapolo, zinaposa zoipa zake. Mu 1981 analemba Why South Africa Will Survive, m'mene anati boma la azungu la kumeneko silikanagwetsedwa ndi zida za omenyera ufulu.

Ambiri sanavomere. Henry Meebelo, m'buku la Reaction to Colonialism (1971), anaonetsa kuti anthu a kumpoto kwa Zambia anakana utsamunda kuyambira pachiyambi. Walter Rodney mu 1972 anati Ulaya anatukuka posaukitsa Africa, ndipo A. Adu Boahen wa ku Ghana anatsutsa sikelo ya Gann ndi Duignan poyera.

Umboni wa ku Rufunsa

Tiyenera kufunsa: ndani analemba makalata amene Gann ankasunga ndi kuwerenga? Analemba ndi akuluakulu a kampani, mabwanamkubwa, ma DC ndi amishoni, pafupifupi onse m'Chingerezi. M'makalata otere munthu wa kumudzi ngati wa kwa Mpanshya amaoneka makamaka m'njira zitatu: wokhoma msonkho, wamtengatenga, kapena woimbidwa mlandu. Zimene ankayankhula m'Chisoli, m'Chinsenga kapena m'Chinyanja zinkadzera mwa womasulira, nizifika papepala zitafupikitsidwa.

Tingapereke chitsanzo cha msewu waukulu wa Great East, umene umadutsa pa Rufunsa kulowera ku mlatho wa Luangwa. Wowerenga malipoti a boma aona msewu ngati chitukuko. Koma wofunsa agogo a m'midzi ya m'mbali mwa misewu ya nthawi imeneyo amamvanso za chibalo, za msonkho umene unkatulutsa amuna m'midzi kupita ku mapulazi ndi ku migodi, ndi za minda imene inkatsalira amayi okha. Zonse ziwiri ndi zoona, koma mbali yoyamba yokha ndiyo inapeza malo okwanira m'mafaelo. Sikelo ya Gann inapendekeka chifukwa mbale ina inaikidwamo zochepa. Ngakhale pa maphunziro, chimene atsamunda ankanyadira, Zambia inafika pa 24 Okutobala 1964 ili ndi anthu akuda pafupifupi 100 okha a digiri ya ku yunivesite.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. M'Chinyanja liwu lakuti "mtundu" limaimira fuko, khungu, ndiponso anthu a dziko limodzi. Chingerezi cha atsamunda chinagawa matanthauzowa m'mawu osiyana, nichiika khungu pamwamba pa onse. Gann analandira magawo amenewa monga anawapezera. Sanafunse mokwanira kuti mpanda wa pakati pa mitundu unamangidwa ndi malamulo ati: a malo, a ntchito za m'migodi, ndi chizolowezi chogulitsira anthu akuda pa zenera m'masitolo.

Mawu Otsiriza

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Gann anali mlendo wakhama, ndipo pa zaka, maina ndi kayendetsedwe ka boma mabuku ake ndi othandizabe. Sitikupempha kuti atayidwe. Tikupempha kuti awerengedwe ngati mboni ya mbali imodzi pa bwalo la milandu. Mboni ya mbali inayo ili m'nyimbo, m'miyambi ndi m'zikumbukiro za okalamba a ku Rufunsa, ndipo okalambawo akutha. Ntchito yojambula mawu awo, kuwalemba m'ziyankhulo zawo ndi kuwasunga ili m'manja mwa ife a m'madipatimenti a ziyankhulo za mu Africa.