Zipolowe kumudzi ndi kuno ku UK: kusiyana kwake kuli pati?

Anzathu a kuno ku Dennistoun amakonda kundifunsa kuti, kodi kwanu ku Malawi kuli mtendere? Ine ndimayankha kuti nkhondo yapachiweniweni sitinamenyepo, koma magazi okha anakhetsedwa. Ndiye ndati ndiike zaka za mayiko awiriwa pamodzi, tione.

Tiyambe pakhomo pompano. Pa 31 January 1919 anthu onyanyala ntchito, omwe ankafuna sabata ya maola 40, anamenyana ndi apolisi pa George Square. Boma linachita mantha n'kutumiza asilikali ndi akasinja asanu ndi mmodzi, koma anafika ndewu itatha kale. Akasinjawo anakawasunga pamsika wa ng'ombe, chapafupi ndi Bellgrove pomwe ambiri a ife timakwerera sitima.

Kumudzi zinali zina. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, Kamuzu Banda n'kumangidwa. Tsiku lomwelo asilikali anaombera khamu la anthu pa doko la Nkhata Bay. Lipoti la Devlin linapeza kuti anthu 51 anaphedwa m'dziko lonse. Osaiwala, boma loomberalo linali la Britain lomweli. Mu May 1992 sitiraka ya ku David Whitehead ku Blantyre inasanduka zipolowe, ndipo anthu ambiri anafa ndi zipolopolo za apolisi.

Chaka chofanizira bwino ndi 2011, chifukwa moto unabuka mbali zonse ziwiri pasanathe masabata atatu. Pa 20 July Amalawi anatuluka kudandaula za mafuta, forex ndi ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Anafa pafupifupi 20, ambiri ku Mzuzu. Mu August apolisi atapha Mark Duggan ku Tottenham, masitolo anaotchedwa ku London, Birmingham ndi Manchester. Katundu woonongeka anali wochuluka kuposa wakwathu, koma omwalira pa zipolowezo anali asanu, ndipo palibe mwa iwo anaphedwa ndi wapolisi. Ku Scotland sizinafike n'komwe, tinangoonera pa TV.

Ndiye ukamawerenga mawindo osweka, UK imaoneka yovuta kuposa ife. Ukamawerenga maliro ndi amene anagwira mfuti, nkhani imatembenuka. Komatu a kunowa asadzitame kwambiri: pa 30 January 1972 asilikali awo anapha anthu 13 pa zionetsero ku Derry, ku Northern Ireland.

Zaka zaposachedwapa, mademo a HRDC otsutsa chisankho cha 2019 anatenga miyezi, mpaka pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankhocho. Kuno ku Glasgow, pa 13 May 2021, anthu a pa Kenmure Street anazinga galimoto ya a immigration pafupifupi tsiku lonse, mpaka amuna awiri omwe anagwidwa anawamasula madzulo ake.