Msonkho ndi Nkhondo ku Nkhata Bay

Mbiri ya msonkho ku Nkhata Bay imalukana ndi mbiri ya nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse. Kwa zaka zoposa 50 malamulo a msonkho ankalembedwa ku Zomba ndi ku London, pamene Atonga a m'mbali mwa nyanja, amene ankatulutsa ndalamayo, analibe pakamwa m'bwalo lopangira malamulowo.

Chiyambi cha msonkho

Dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, Harry Johnston anayambitsa msonkho kuti boma lake lizidziyendetsa lokha. Mu 1894 msonkho wa nyumba unali mashilingi 3 pa chaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 unakwera kufika pa mashilingi 6, koma munthu wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka. Motero msonkho unali njira yopezera ndalama komanso chikwapu chotulutsira amuna m'midzi.

M'chigawo cha West Nyasa, chimene boma lake linali ku Chintheche, chinangwa ndi usipa zinkadyetsa banja koma sizinkabweretsa shilingi. Amuna ambiri anatsikira ku Blantyre, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ena n'kusanduka matchona. Mmodzi mwa apaulendowo anali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town.

Kudandaula kwa anthu kunaonekera poyera mu 1908 ndi 1909, pamene Elliot Kenan Kamwana anabatiza anthu pafupifupi 10,000 mu mpingo wa Watch Tower. Iye ankalalikira kuti mu 1914 kudzabwera ufumu watsopano wopanda msonkho. Atsamunda anamuchotsa m'dziko mu 1909.

Nkhondo ya Chiwaya

Chaka cha 1914 chinabweretsa nkhondo m'malo mwa mpumulo. Mu Ogasiti, sitima ya Guendolen inanyamuka ku Nkhata Bay kukathira moto sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya la nyanja, ndipo mu Seputembala nkhondo inabuka ku Karonga. Kwa munthu wa kumudzi, msonkho weniweni wa nkhondoyi unali thupi lake. Amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza ufa ndi zipolopolo, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Otsala kumudzi ankaperekabe msonkho wa nyumba ndi chakudya cha asilikali. John Chilembwe anadzudzula poyera kuti osauka akufera nkhondo yosawakhudza, asanaukire boma mu Januwale 1915.

Msonkho wa pa zopeza

Msonkho wodulidwa pa malipiro ndi phindu ndi mwana wa nkhondo. Ku Britain, William Pitt anaukhazikitsa mu 1799 kuti alipirire nkhondo yolimbana ndi France. Njira yoti bwana azidula msonkho pa malipiro asanafike m'manja mwa wantchito, yotchedwa PAYE, inayamba kumeneko mu 1944, nkhondo yachiwiri ili mkati.

Ku Nyasaland msonkho wa mtunduwu unafika mu 1921, boma likuvutika ndi chuma chimene nkhondo inasiya chitaphwasuka. Unkakhudza makamaka Azungu, Amwenye ndi makampani, pamene Aafirika anapitiriza ndi msonkho wa nyumba ndi wa mutu, umene sunkayang'ana kuti uyu wapeza zingati. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, msonkho wa pa zopeza unali m'manja mwa boma la ku Salisbury.

Alembi a malamulo

Lamulo la msonkho limafuna mlembi waluso, chifukwa liwu limodzi losamveka bwino likhoza kumasula wolemera ndi kumanga wosauka. Ku London ofesi ya akatswiri olemba mabilu inakhazikitsidwa mu 1869, ndipo mkulu wake woyamba anali Henry Thring. Mu 1922 komiti ya boma la Britain inakonza lamulo lachitsanzo la msonkho wa pa zopeza loti maiko olamulidwa ndi atsamunda azitengerapo.

Kuno kwathu mabilu ankakonzedwa ndi loya wamkulu wa boma, n'kuperekedwa ku bwalo la malamulo limene linakhazikitsidwa mu 1907 pansi pa bwanamkubwa. Mpando wolankhulira Aafirika unkapatsidwa kwa mmishonale. Aafirika eniake analowamo koyamba mu 1949, ndipo mmodzi mwa iwo anali Ernest Alexander Muwamba, Mtonga wa kuchigawo cha West Nyasa. Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, nduna ya zachilungamo, amenenso anali loya wamkulu wa boma, anali Orton Chirwa, mwana wa ku Nkhata Bay.

Masiku ano

Msonkho wa mutu unathetsedwa boma la Bakili Muluzi litalowa mu 1994. Malamulo aakulu a dziko amene anayamba kugwira ntchito chaka chomwecho amaletsa kutolera msonkho uliwonse popanda lamulo. Mabilu amalembedwa ndi maloya a ku Unduna wa Zachilungamo, Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe imawakambirana, ndipo bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000, ndilo limatolera. Mphunzitsi wa ku Chintheche kapena wogwira ntchito padoko la Nkhata Bay amadulidwa PAYE molingana ndi malipiro ake, ndipo ali ndi phungu womusankha yekha woti akam'funsire mmene lamulolo lalembedwera, ufulu umene anthu obatizidwa ndi Kamwana sanaulawe.