Mbiri ya Wailesi ya Sefuliya

Golomoti ali m'chigwa, patsinde pa mapiri a Dedza, kufupi ndi nyanja. Makedzana mbiri inkafika kumeneko ndi miyendo ya anthu, monga mthenga wa mfumu, wamalonda, kapena mlendo wochokera ku Mua kumene ansembe adamanga mishoni m'chaka cha 1902. M'chaka cha 1935 adatsiriza njanji yochokera ku Blantyre kunka ku Salima, ndipo idadzera pa Golomoti. Sitima idayamba kubweretsa makalata, komanso idanyamula amuna ambiri opita kukafuna ntchito ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndi ku Joni. Koma kalata imafuna munthu wodziwa kuwerenga, ndipo anthu otere adali owerengeka. Kudasowa chinthu choti chilankhule ndi munthu aliyense m'chinenero chake.

Pa nthawi ya nkhondo yaikulu yachiwiri, m'chaka cha 1941, Boma la Northern Rhodesia lidatsegula nyumba youlutsira mau ku Lusaka, kuti anthu azimva za nkhondo imene abale ao adapitako. Nkhondo itatha, nyumbayo idakula natchedwa Central African Broadcasting Station. Ntchito yake idali kulankhula ndi anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zao, ndipo chimodzi mwa izo chidali Chinyanja.

Tsono padali vuto. Mau ankauluka, koma omvera adali ochepa. Mawailesi a masiku amenewo adali okwera mtengo, ndipo ambiri ankafuna magetsi amene kumudzi kudalibe. Boma lidayesa kuika wailesi pa maboma ndi pa mabwalo a mafumu, koma ikaonongeka padalibe woikonza.

Mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani ku Lusaka, Harry Franklin, adaona kuti pafunika wailesi yoti munthu wamba agule yekha. Adafunafuna zaka zingapo, ndipo makampani ambiri a ku Mangalande adakana. Potsiriza kampani yopanga mabatire ya Ever Ready idavomera, pakuti idadziwa kuti wogula wailesi adzagulanso batire. Wailesiyo idayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1949.

Pofuna kuchepetsa mtengo, amisiri sadaipangire bokosi la matabwa, limene chiswe chikadadya. Adatenga sefuliya yophikira yopanda chogwirira, yotambalala mainchesi 9, naikamo zipangizo zonse. Ichi ndicho chifukwa chake Azungu adaitcha Saucepan Special. Adaipaka utoto wa buluu, ndipo zibowo zake adazitseka ndi sefa kuti mphemvu ndi nyerere zisalowemo. Batire lidali lalikulu, ndipo wailesi inkakhala pamwamba pake ngati mphika pa mafuwa. Mtengo wa wailesi udali mapaundi 5, ndipo wa batire masheleni 25. Batire limodzi linkatha maola pafupifupi 300. Kwa munthu waganyu ndalama zimenezi zidali malipiro a miyezi ingapo, komabe anthu zikwi zambiri adaigula.

M'kati mwa sefuliya mudali mavalavu 4. Valavu ndi kagalasi konga chala, kochotsedwa mpweya. Woyamba kuipanga adali John Ambrose Fleming m'chaka cha 1904, ndipo m'chaka cha 1906 Lee de Forest adaikonza kuti izitha kukulitsa mau. M'kati mwake muli kawaya kamene kamatentha, ndipo kakatentha magetsi amalumpha kuchoka pa kawayako kukafika pa kachitsulo. Pakati pa ziwirizi pali kasefa. Mphamvu yochepa yochokera mumlengalenga ikafika pa kasefako, imatsegula ndi kutseka njira ya mphamvu yaikulu ya batire, monga mwana wamng'ono atsegula ndi kutseka ngalande ya madzi a m'dimba. Kotero mau ofooka amasanduka mau amphamvu. N'chifukwa chake batire lija lidali la mbali ziwiri: mavoti 1.5 otenthetsera kawaya, ndi mavoti 90 oyendetsera mau.

Ngakhale zidali tero, mphamvu yotuluka mu valavu yotsiriza idali yochepa ndithu, yosakwana theka la wati imodzi. Kukulitsa mphamvuyo kukadamaliza batire msanga. Choncho nzeru idali pa kusankha sipika. Sipika ili ngati ng'oma. Ng'oma ya chikopa chokhuthala imafuna dzanja lamphamvu, koma ya chikopa chopyapyala chokungidwa bwino imalira ngakhale ndi chala. Sipika yoyenera valavu yaing'ono ndi ya pepala lopepuka ndi maginito amphamvu, kuti mphamvu isatayike pachabe. Pakati pa valavu ndi sipika amaikapo kathiransifoma, kamene ntchito yake ili ngati ya nkhoswe, kugwirizanitsa ziwiri zosiyana chikhalidwe. Ndi kamphamvu kochepa komweko, banja lonse ndi anansi ankamva bwino atakhala pakhonde.

Kuchokera ku Lusaka kufika ku Golomoti ndi mtunda woposa mamailosi 400, ndipo pakati pali mapiri. Mau ankadutsa chifukwa ankaulutsidwa pa mafunde aafupi, amene amakwera kumwamba nanjanja kubwerera pansi kutali. Mwini wailesi ankangomanga waya wautali pa mtengo kapena pa nsungwi kuti awakole.

Boma linkafuna kuti anthu amve za ulimi, za ukhondo ndi malamulo. Koma chimene omvera adakonda koposa ndi nyimbo za kwao ndi moni wa abale. Munthu wa ku migodi ankalemba kalata ku Lusaka kupempha nyimbo, ndipo muulutsi ankatchula dzina lake ndi la mkazi wake wa kumudzi. Mwa aulutsi omveka padali Alick Nkhata, amene adalinso woimba. Chitaganya chitayamba m'chaka cha 1953, anthu akuda ambiri asakuchifuna, omvera ena adasiya kukhulupirira mau a Boma a pa wailesi. Anthu adaphunzira kumvera ndi kusinkhasinkha. Chitaganya chidatha kumapeto kwa 1963, ndipo m'chaka cha 1964 Malawi adakhala ndi wailesi yakeyake, Malawi Broadcasting Corporation.

Pofika nthawi imeneyo masiku a sefuliya adali atatha. Thiranzisita, imene idapezeka ku America m'chaka cha 1947, sifuna kutenthetsedwa, ndipo imayenda ndi miyala ya tochi. Mawailesi adachepa nayamba kunyamulidwa pa njinga. Masiku ano ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20, amene adayamba ntchito m'chaka cha 2022.

Mavalavu sadatheretu. M'maiko ambiri alipo anthu amene amagula zipangizo nadzilumikizira okha makina okulitsira mau a mavalavu, chifukwa chokonda kamvekedwe kake. Iwo amatsatabe lamulo la amisiri a sefuliya, lakuti makina a mphamvu yochepa awapezere sipika yopepuka yosataya mphamvu. Wailesi ya sefuliya idali yotsika mtengo, ndipo idafika m'nyumba ya munthu wosadziwa kuwerenga.